Chidendene cha Telala

Kugwa kwa munthu wovala nsapato zokolekera kumapedulo n'kwa mtundu wakewake. Sugwa ukuthamanga ayi. Umafika bwinobwino pamaloboti, umagwira mabuleki, njinga n'kuima, ndiye pamenepo m'pamene umakumbukira kuti mapazi onse awiri ndi omangika. Ukatero umayamba kupendekeka pang'onopang'ono ngati mtengo wodulidwa, maso ali tong'o, ukuona aliyense amene akukuona. Nthawi yoganiza imakhalapo yambiri. Ine ndinaganiza za diresi la mwini wake limene ndinalisiya patebulo ndisanapinde m'munsi.

Umu ndi mmene ndinagwera Lamlungu loyamba kuvala nsapatozo, ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Ndipo sindinagwe ndekha. Ndinagwera bambo wina wa kubanki amene anali kumanzere kwanga, iye n'kugwera mayi wogulitsa mankhwala, mayiyo n'kugwera a Wezulo, mkulu wa gulu lathu la njinga. Anthu anayi, njinga zinayi, mulu umodzi pakati pa msewu, galimoto zikuliza mahutala kumbuyo. Palibe amene anathyoka. Manyazi okha ndi amene anandikwana kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

Ine ndine telala. Ndasoka zaka makumi atatu pa makina opondera, m'kachipinda ka pakati pa wometa tsitsi ndi wowotcherera zitsulo. Za njinga ndinaziyamba mochedwa, dokotala atandiuza kuti magazi anga akuthamanga kuposa mwini wake. Amene anandikokera kumeneko ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, amene ndi namwino, ndipo kunyumba timangomutchula kuti Nesi. Anandipatsa njinga yake yakale, ya matayala owonda ngati chala ndi mahandulo opindikira pansi. Miyezi isanu ndinaipalasa ndi mapedulo wamba, ndikutsalira pachitunda chilichonse, phazi likuterereka mvula ikagwa.

Kenako anabwera ndi nsapato zija. Pansi pake pali kachitsulo kamene kamalowa m'pedulo n'kumveka kuti kha. Zikatero phazi ndi njinga zakhala chinthu chimodzi: suterereka, ndipo pachitunda umaponda ndi mwendo wina uku ukukoka ndi unzake. Pofuna kutuluka umangopotokola chidendene kunja. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Anthu ambiri amazolowera tsiku limodzi kapena awiri.

Chimene ndinkavutikira chinali ichi. Nesi anali atapeza ntchito kuchipatala cha kutsidya kwa nyanja, ndipo ankanyamuka kumapeto kwa mwezi. Lamlungu lake lomaliza gulu linakonza ulendo wautali, makilomita makumi asanu ndi atatu, kukafika pamwamba pa phiri pamene pali nsanja ya mafoni. Lamulo la a Wezulo n'lakuti ulendo umenewo amapita okhawo ovala nsapato zokolekera, chifukwa kutsika kwake n'kwa mabampu ndipo phazi likachoka papedulo pamenepo ndiye kuti maliro. Ine ndinkafuna kupita. Mwana wanga m'nyumba salankhula. Akabwera kuntchito amadya, amayang'ana foni, amagona. Koma mukhale naye panjinga mbali ndi mbali, pakamwa pamatseguka pokha. Zonse zimene ndikudziwa za mtsikana ameneyu atakula, za anzake, za mwamuna amene anamukana, za odwala amene anamufera m'manja, ndinazimva tikupalasa. Ulendo umenewo unali maola asanu omaliza oti ndimumve akulankhula.

A Wezulo anali mphunzitsi wa masewera asanapume pantchito, ndipo wezulo sichoka m'khosi mwawo. Atadzuka pamulu paja anasasa fumbi, anayang'ana tayala lawo lakutsogolo ngati mwana wodwala, kenako anandiitanira pambali.

"Mayi, sindikukuthamangitsani," anatero. "Koma m'gulu, kugwa kwa mmodzi ndi kwa onse. Lero tagwa pamalo abwino. Kuphiri kulibe malo abwino."

"Ndiye mukuti bwanji, bambo?"

"Loweruka loti mawa lake tinyamuka, mubwere kubwalo la sukulu. Muzizungulira. Ndikaliza wezulo, muziima, phazi pansi. Kakhumi. Mukaphonya kamodzi, tidzakusimbirani za ulendowo tikabwerako."

Masabata atatu. Ndinavomera mutu uli m'mwamba, chigongono chikuchucha magazi.

Kunyumba Nesi anandikhazika pampando wa kukhitchini n'kuyamba kutsuka balalo. Manja ake ndi abwino, sindikana, koma akagwira thonje amasintha mawu. Amalankhula mofatsa mopitirira muyeso, ngati akulankhula ndi gogo wosamva.

"Amayi, musadzikakamize," anatero. "Pali galimoto yonyamula madzi imene imatitsatira. Mukhoza kukwera imeneyo. Muziona zonse bwinobwino pawindo."

"Ndikhale ndi zigubu?"

"Si zigubu zokha. Pamakhalanso nthochi."

Ankafuna kundiseketsa, koma ine zinandibaya. Ndinamulera ndekha mwana ameneyu bambo ake atamwalira, ndi miyendo iwiri yomweyi, ndipo lero akundipezera malo pakati pa nthochi. Ndinangoti mumtima, tiona.

Sabata yoyamba ndinachita zonse zimene anthu amalangiza. Ndinaimika njinga m'kanjira ka m'nyumba, pakati pa chitseko cha bafa ndi cha kuchipinda, manja atagwira makoma. Kha, kulowa. Kupotokola, kutuluka. Kha, kutuluka. Kambirimbiri, osalakwa ngakhale kamodzi. Ndinkatuluka panja ndikudzimva kuti ndine katswiri. Ndikangopalasa pang'ono n'kugwira mabuleki pageti, phazi linkakana, ndipo ndinkapezeka ndili m'maluwa a aneba. Lachiwiri ndinagwera m'maluwa. Lachitatu ndinagwera pa bini. Lachinayi ndinagwa pamaso pa mwamuna wina amene ndinamusokera suti ya ukwati, ndipo anandidzutsa mwaulemu kwambiri moti ndinalakalaka akanangoseka. Ntchafu yanga yakumanzere inasanduka yamitundumitundu. Walira mvula walira matope, koma matope ake anachuluka.

Amene anaona vuto ndi alamu anga, mlongo wa malemu amuna anga. Amagwira nane kushopu, kusokerera mabatani ndi kusita, ndipo pakamwa pawo palibe buleki. Lolemba la sabata yachiwiri, nthawi ya nkhomaliro, ndinatulutsa njinga m'kanjira ka kuseri kwa shopu. Iwo anakhala pa ndowa yovundikira, kapu ya tiyi m'manja, kuti aonere zaulere. Ndinagwa kawiri. Kachitatu ndinagwira khoma.

"Bwerezani," anatero alamu. Anali atasiya kuseka, ndipo anatsitsa mutu mpaka kufupi ndi pansi. "Bwerezaninso, ndikufuna ndione phazilo."

Ndinabwereza, ndinagwiranso khoma.

"Alamu, mukudziwa chimene mukuchita? Mukuimitsa makina."

"Makina ati?"

"Anu omwewo. Mukamafika kumapeto kwa msoko mumatani? Dzanja pagudumu, chidendene pansi. Ndi zomwe mukuchita apa. Dzanja likangogwira buleki, chidendene chikupita pansi, ndiye mukuchikanikiza ngati mukupha mphemvu. Kumbali sichikupita n'komwe."

Ankanena zoona. Makina opondera amaima ukakhazika chidendene pansi n'kugwira chopondera kuti chisagwedezeke. Ndachita zimenezo mwina kachikwi patsiku, masiku asanu ndi limodzi pasabata, zaka makumi atatu. M'kanjira ka m'nyumba mutu ndi umene unkalamula, ndipo phazi linkamvera. Koma pamsewu, chinthu chikamayenda n'kufunika kuima, phazi silinkafunsanso mutu. Linkachita zimene linaphunzira ndili mtsikana. Madzi saiwala khwawa.

"Ndiye basi," anatero alamu, akumaliza tiyi wawo. "Phazi la telala ndi la telala. Kakwereni ya nthochi ija."

Ndinakwiya, ndipo ine nzeru zimandibwerera ndikakwiya. Ngati phazi linaphunzira khalidwe limeneli pamakina, ndiye kuti sukulu yake ndi yomweyo. Pamsewu ndinkaima kakhumi patsiku, n'kugwa kamodzi kapena kawiri. Pamakina ndimaima kosawerengeka, ndili pampando.

Madzulo ake ndinafufuza m'katoni ya Nesi ya zitsulo zakale n'kupeza pedulo lokolekera lotha ntchito. M'mawa ndinapita nalo kwa wowotcherera wa khomo loyandikana nalo, bambo wamfupi wosakonda mawu ambiri.

"Achimwene, ndikufuna ichi chikhale pachopondera cha makina anga. Kumanzere."

Analitembenuza m'manja, anayang'ana ine, anayang'ananso pedulo.

"Makinawo mukufuna azipita kuti, achemwali?"

"Kuphiri."

Sanafunsenso. Anabwera ndi kachitsulo kafulati ndi mabawuti anayi, anagona chagada pansi pa tebulo langa, ndipo pasanathe ola pedulo linali litakhala nji pachopondera, osagwedera. Anati sakuwotcherera kuti ndidzathe kuchotsa misala ikadzatha.

Mwamwayi ndinali ndi ntchito ya makabudula a yunifolomu ya sukulu, mulu wofika m'chiuno. Kabudula aliyense ali ndi misoko yambirimbiri, yaifupiifupi. Ndinavala nsapato ya njinga kumanzere, silipasi kumanja, n'kukhala pansi. Kha. Kusoka. Pofika kumapeto kwa msoko, dzanja pagudumu, chidendene kunja, phazi pansi pasimenti. Kudula ulusi. Kha. Msoko wina.

Tsiku loyamba linali lachisokonezo. Makina ankabwerera m'mbuyo, ulusi unkapiringizana m'bobini, ndinathyola singano ziwiri. Chakumasana kunalowa mayi wina wolemekezeka, mkazi wa loya, kudzatenga siketi yake. Ndinadzuka kuti ndimulonjere, nditaiwala kuti ndine womangika. Mpando unapita uko, ine uku, makina n'kundilondola theka la njira. Mayiyo anaima pakhomo chikwama chili pachifuwa.

"Musadandaule, mayi," anatero alamu, simbi ili m'manja. "Timawamangirira kuti asathawe ntchito."

Pofika Lachinayi zinthu zinayamba kuyenda. Phazi linkazengereza kaye pang'ono, ngati munthu wofika pamphambano, kenako n'kupita kunja. Alamu anaona kuti zayamba kuphweka ndipo sizinawasangalatse. Anati kumapeto kwa msoko ndimakuona kukubwera, pamene pamsewu zinthu sizichenjeza. Ndiye anadzipatsa udindo. Nthawi ina iliyonse imene afuna, ankamenya sizasi patebulo lositira, ndipo ine ndinkayenera kuima pomwepo, phazi pansi, kaya ndili pakati pa msoko kaya ndikuyankha kasitomala. Ankamenya ndikuyasamula. Ankamenya ndikukangana ndi munthu za kutalika kwa malaya. Ankadikira ola lathunthu ali phee, kenako n'kumenya katatu motsatizana. Sindinawaonepo alamu akusangalala ndi ntchito chonchija chiyambire.

Mbiri inafalikira mumsewu wathu. Wometa tsitsi ankabweretsa makasitomala ake, ena atametedwa mbali imodzi, kudzaona telala wosoka atavala nsapato ya mpikisano. Ndinkawasiya aseke. Bondo linkawawa, akakolo ankatupa pofika madzulo, koma makabudula ankatha ndipo misoko inali yowongoka.

Nesi sindinamuuze. Ankaona ndasiya kubwera ndi mabala atsopano ndipo ankaganiza kuti ndagonja. Tsiku lina anandiuza mokoma mtima kuti walankhula kale ndi dalaivala wa galimoto ya madzi, ndipo andisungira mpando wakutsogolo. Ndinamuthokoza.

Lachiwiri la sabata yomaliza ndinatulutsanso njinga kuseri kwa shopu. Ndinapalasa mpaka kumapeto kwa kanjira, ndinagwira mabuleki, ndipo ndinapezeka nditaima, phazi lakumanzere lili pansi. Sindinaliuze kanthu. Linangopita lokha. Ndinaima pamenepo kanthawi, pafupi ndi mulu wa zitsulo zadzimbiri, mtima ukugunda ngati ndapambana chikho.

Loweruka kubwalo la sukulu kunabwera anthu ambiri kuposa amene ankafunika. Bambo wa kubanki anabwera, mayi wa mankhwala anabwera, onse amene ndinawagwetsa ndi anzawo. Nesi anaima pambali manja atapinda, kachikwama ka mabandeji kali paphewa. Kachikwamako ndinakaona, ndipo sindinakaiwale.

A Wezulo si munthu wachinyengo koma ndi wochenjera. Wezulo yoyamba analiza pamalo abwino. Yachiwiri analiza ndisanakhazikike n'komwe pachishalo. Yachitatu ndili pakona. Ina analiza pakamtunda kopita ku ofesi ya ahedi, pamene njinga imaima yokha usanakonzeke. Nthawi iliyonse ndinkamva chitsulo chikumasuka, kenako nsapato ikugunda pansi. Pofika yachisanu ndi chiwiri anthu anayamba kuwerenga mokweza.

Itatsala imodzi, a Wezulo anakwera njinga yawo n'kubwera pambali panga. Tinazungulira bwalo kamodzi, kawiri, wezulo ili lende pachifuwa.

"Mayi, ndili ndi thalauza langa lina," anatero. "Linali bwinobwino chaka chatha, koma pano m'chiuno likukana. Kaya ndi nsalu yake imene yafota?"

"Nsalu sifota m'chiuno mokha, bambo."

"Ndiye mungathe kulikulitsa? Kumbuyoku kuli kansalu kotsala, mwina zala ziwiri."

"Zimatengera mmene analisokera. Ngati anasiya msoko waukulu, ndiye kuti ndingo..."

Sindinaone n'komwe pamene anainyamula wezulo ija. Inalira pafupi ndi khutu langa, ndipo pamene ndinkamaliza mawu akuti "ndingomasula", ndinali nditaima kale, phazi pansi, ndikuwayang'ana. Iwo anapitirira pang'ono n'kubwerera.

"Mawa sikisi koloko," anatero. "Musachedwe. Thalauzalo ndibweretsa Lolemba."

Anthu anawomba m'manja. Mayi wa mankhwala anandikumbatira. Nesi anabwera akumwetulira, koma maso ake anali pa bondo langa.

"Mwachita mwayi, amayi," anatero. "Koma mawa n'kwina. Muzikhala kumbuyo kwanga, ndizikuuzani."

Tinanyamuka dzuwa likungotuluka, anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, awiriawiri. Ndinene zoona, nsapato zija ndi zabwino. Titatuluka m'tauni n'kuyamba zitunda zing'onozing'ono, ndinamva mwendo ukuzungulira wonse, kuponda ndi kukoka, popanda mphamvu yotayika. Zitunda zimene kale zinkandisiya ndekha ndinazikwera ndili pakati pa gulu, ndikumva kupuma kwa bambo wa kubanki kumbuyo kwanga. Mphepo inali yozizira, matayala ankalira mofewa pamsewu, ndipo ndinadzimva wopepuka ngati ndatula katundu.

Chinandisowetsa mtendere ndi mwana wanga. Sanabwere pambali panga ayi. Anakhala kutsogolo kwanga, ndipo mphindi iliyonse mutu unkatembenuka.

"Amayi, maloboti akubwera."

"Ndawaona."

"Amayi, chidendene. Yambani kukonzeka."

"Ndamva."

"Amayi, mwamwa madzi? Mutu sukuwawa?"

Makilomita makumi atatu, nkhani yake imeneyo. Palibe za anzake, palibe za ulendo wake, palibe kanthu. Ndinatupa akakolo masabata awiri, ndinasekedwa ndi anthu ometedwa theka, kuti ndidzakhale wodwala wa pabedi nambala wani pamsewu. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina kukhala ndi nthochi kukanakhala bwino.

Titadutsa mlatho msewu unayamba kukwera, n'kukhota kumanja kuseri kwa thanthwe. Titangokhota tinapeza lole ya mchenga itazima pakati pa msewu, ndipo inali ikubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, munthu wina akuthamanga pambali ndi mwala woti aike kutayala. A Wezulo analiza kamodzi, mwamphamvu. Pachitunda njinga siyembekeza. Ukangosiya kupalasa yaima. Ndinamva zitsulo zikumasuka kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ine ndinali nditaima, phazi pansi, manja pamabuleki.

Nesi anali atatembenuka. Thupi lonse linali kwa ine, dzanja limodzi litatambasuka ngati akufuna kundiwakha, pakamwa pakuti, "Amayi, chide..." Njinga yake inaima. Ndinaona nkhope yake ikusintha pamene anakumbukira mapazi ake. Kenako anayamba kupendekeka, pang'onopang'ono, mtsikana amene wapalasa zaka zisanu ndi ziwiri, amene amaphunzitsa ena, mpaka anakagona m'udzu wa m'mphepete mwa msewu njinga ili pamwamba pake.

Lole inaima, mwala utagwira. Ndinamasula phazi linalo, ndinagoneka njinga yanga bwinobwino, n'kupita pamene anagona. Ndinagwira nsapato yake n'kuipotokola ndi dzanja kuti ituluke, kenako inayo.

"Wapweteka?"

"Ayi."

"Ona kuno chigongono."

Chinali chitasupuka pang'ono. Ndinatsegula kachikwama kake komwe, ndinatulutsa thonje, n'kuyamba kupukuta. Sindinafune kunena kanthu, koma ndine munthu.

"Usadzikakamize, mwanawe," ndinatero mofatsa kwambiri. "Galimoto ya madzi ili kumbuyoku."

Bambo wa kubanki ndi amene anayamba kuseka, kenako onse. Nesi anaphimba nkhope ndi dzanja, mapewa akugwedezeka, ndipo atachotsa dzanjalo ndinaona kuti akuseka ndi kulira pamodzi.

"Ndimaopa, amayi," anatero motsitsa, kuti ena asamve. "Ndikapita, mukagwa, adzakudzutsani ndani?"

"Masabata atatu apitawa ndagwa kakhumi ndi kawiri. Unandidzutsa kangati?"

Anaganiza. "Kamodzi."

"Kwinako ndinadzuka bwanji?"

Anapukuta mphuno ndi golovesi, ndinamukoka dzanja, anaimirira.

Titadutsa lole ija msewu unakhala wathyathyathya kwa nthawi yaitali, pakati pa minda, ndipo Nesi anabwera pambali panga. Kenako anayamba kulankhula. Anandiuza kuti chipinda chimene amupezera kumeneko chili pamwamba pa shopu yochapa zovala, ndipo waona chithunzi chake, windo lake likuyang'ana khoma. Anati amaopa kuti odwala akumeneko sadzamva kalankhulidwe kake. Anati pali dokotala wina wachinyamata kuno amene wakhala akumuperekeza pokakwera basi, ndipo sakudziwa ngati amuuze kuti adikire kapena amumasule. Anandifunsa mmene ndinadziwira kuti bambo ake ndi amenewo. Ndinamuuza zoona, kuti sindinadziwe, ndinangoona kuti ndi munthu yekhayo amene ankabwera kudzayeza malaya omwewo katatu. Anaseka mpaka njinga inayenda mokhotakhota. Inenso ndinamuuza za pedulo la pamakina ndi sizasi ya azakhali ake, ndipo anati akufuna akaone ndi maso ake asananyamuke. Tinadutsa mphambano ziwiri ndi njanji imodzi, tinaima ponseponse, ndipo palibe amene anatchula chidendene.

Chitunda chomaliza n'cha makilomita anayi, ndipo nsanja imaonekera kutali pamwamba. Pamenepo gulu limamwazikana, aliyense ndi mphamvu zake. Anzake a Nesi, othamanga aja, anaimirira pamapedulo n'kuyamba kusowa mmodzimmodzi. Ndinaona zala zake zikusewera pa magiya. Chitunda chimenechi amachikonda, ndipo aka kanali komaliza.

"Pita," ndinatero.

"Ndikhala nanu."

"Ndamva zonse zimene ndimafuna kumva. Pita ukawapitirire anyamatawo, asamadzitame."

"Mufika?"

"Ndifika."

Anandiyang'ana kamodzi, anasintha giya, anaimirira. Ndinaona jezi yake yofiira ikukwera, ikudutsa woyamba, wachiwiri, ikuchepa. Ndinkadikira kuti mutu utembenuke. Anafika pakona yoyamba, anakhota, ndipo sanacheuke. Misozi inabwera, sindibisa, ndipo inasakanikirana ndi thukuta mpaka kukoma mchere pakamwa. Koma mumtima munali chimwemwe chimene sindinachimve kwa zaka zambiri. Ndinaika giya yopepuka, ndinaweramitsa mutu, n'kuyamba kukwera phiri langa.

Linanditengera nthawi. Miyendo inkayaka moto, pena ndinkayenda pang'onopang'ono moti gulugufe anandipitirira. Dalaivala wa galimoto ya madzi anabwera pambali kawiri n'kutsitsa windo, ndipo kawiri konse ndinamuuza ndi mutu kuti apitirire. Sindinatsike, sindinakankhe. Ndinafika womalizira, a Wezulo ataima pakati pa msewu akuliza wezulo yaitali, ena akumenya zigubu zawo pamahandulo. Ndinapalasa mpaka pansi pa nsanja penipeni, ndinagwira mabuleki, ndinaima.

Nesi anali atakhala pamwala, nsapato atavula, akudya nthochi ndi kukangana ndi anzake za amene anafika woyamba. Atandiona sanadzuke, sanatambasule dzanja, sanayang'ane bondo langa. Anangosendera kuti ndikhale.